Mkono wa Anderlin

Ndafika ku Consuelo dzuwa lisanakwiye.
Bwalo la besibo lili kuseri kwa minda ya nzimbe,
mbuzi ziwiri zikudya udzu poyenera kuima osewera akutali.
Cheo, amene amamuphunzitsa, wandikokera mpando wapulasitiki
nandinong'oneza: "Don Fausto, uyu ndi golide."
Onse amatero. Chaka chatha anandionetsa golide wina
amene lero akuchita kabaza wa njinga yamoto ku San Pedro.

Mnyamata wakwera pakachulu.
Zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi, likutero pepala.
Wamtali ngati nsungwi, miyendo yatsogola kukula,
nsapato yakumanja yabooka pachala
chifukwa chokwekwereza pansi akamaponya.
Ndalemba zimenezo. Nsapato sinama.

Woyamba: phaa! m'chikopa cha wowakha.
Kamakina kanga kati eyite-naini.
Wachiwiri nainte-wani, koma wakwera kumwamba
kukabalalitsa nkhunda padenga la malata.
Cheo maso ali pakamakina. Anga ali pachiuno,
mmene chikutsegukira msanga ngati chitseko chopanda loko,
phewa n'kutsalira m'mbuyo,
chigongono n'kusenza katundu yense chokha.
Changa chayamba kuyabwa pachipsera,
pamene dokotala wa ku Florida anasoka ndi ulusi wakuda
n'kundiuza kuti ndipeze ntchito ina.

"Wokhota," ndamuuza.
Zala zazitalizo zafunafuna msoko wofiira.
Mpira wanyamuka ngati ukulunjika kumutu kwa womenya,
kenaka wagwa mwadzidzidzi ngati waponda dzenje.
Womenya wakwapula mphepo.
Izi munthu sungamuphunzitse. Ndangoti duu,
kuopa kuti Cheo angamve mtima wanga n'kukweza mtengo.

Koma kuona maso a nkhono n'kudekha.
Ndaitana Wilfrido, chimphona chodula nzimbe,
amene chibonga m'manja mwake chimaoneka ngati supuni.
Koyamba komwe, thoo!
Wadutsa mbuzi, wadutsa mpanda, watayika m'nzimbe.
Ana athamangira kukaufuna, poti mipira ilipo itatu yokha.

Ichi ndicho ndinadzera.
Mkono ndausiya, ndikuwerenga nkhope.
Ena amatukwana wowakha, ena amafuna kumene kuli mayi awo,
ena maso amangoti thi, ngati magetsi a m'tauni muno.
Anderlin watola dothi, walifikisa m'manja,
watsitsa chipewa pang'ono
natambasula dzanja: ndipatseni wina.
Waponya mkati, pafupi ndi nthiti.
Wilfrido wadumphira m'mbuyo, waseka, mano onse pamtunda.

Kuseri kwa waya kwaima mayi wovala epuloni,
beseni la nthochi zokazinga lili m'chiuno.
Sakuwomba m'manja, sakundiyang'ana kumaso,
akungotsata nsonga ya cholembera changa.

Fomu ili ndi mabokosi: liwiro, kulunjika, thupi, mutu.
Akufuna manambala, twente mpaka eyite,
a lero ndi a zaka zisanu zikubwerazo, ngati ndine mlosi.
Palibe bokosi la denga lodontha
kapena la azing'ono ake anayi.
Palibe polemba kuti mwa anyamata zana amene ndinawasainitsa
atatu okha anaponda bwalo lalikulu,
enawo anabwerako ndi chikwama chimodzi
ndi Chingelezi chongokwanira kugulira nkhuku.

Ndalemba: Mkono ulipo. Wokhota ndi wobadwa nawo.
Akamenyedwa sagwa mphwayi.
Chiuno chikonzedwe, apo ayi chigongono sichifika zaka makumi awiri.
Adye.

Wabwera kudzandipatsa moni, thukuta lili kamukamu,
dzanja lake lameza langa.
"Mwaona bwanji, Don Fausto?"
Ndamuuza kuti aike ayezi pamkono,
asaponyenso mpaka Lachinayi,
ngakhale Cheo atabwera ndi mlendo wina wa kamakina.

Pobwerera ndaima pasitolo ya pafupi ndi mlatho
kufunsa mtengo wa nsapato zamisomali, saizi thwelofu.
Wogulitsa wafunsa ngati ndi za mwana wanga.
Ndati sindinadziwe,
tionana mwezi wamawa.