Zigoba Makumi Awiri ndi Zitatu

Ndatsika basi pa Kulima Tower
dzuwa la Okutobala lili paliwombo,
kabuku ka laisensi kanyowa thukuta m'thumba la shati.
Mnyamata wa m'sitolo, Malizani, kungondiona pakhomo
wayamba kale kupukusa mutu.
Za mbalame zilipo, mdala, mabokosi mpaka kudenga.
Za mfuti yanu ija ya kukamwa kolowa chala
zili panyanja, ati, kapena padoko,
kapena pa Chirundu zikudikira chidindo
cha munthu amene ali patchuthi.
Mawu omwewa anandiuza mvula isanakate.

Kenaka wawerama kuseri kwa kauntala,
watulutsa zisanu, zotsala za mlendo wina amene anakwera ndege.
Watchula mtengo osandiyang'ana.
Ndawerengera chamumtima:
chimodzi ndi thumba la ufa, chenji n'kugulira makala;
zisanuzo ndi nsapato ndi yunifolomu ya Tisauke.
Ndati zikomo, ndibweranso.
Tonse awiri tadziwa kuti ndanama.

Ku Chilenje, kuseri kwa nyumba,
patebulo pamene malemu mkazi wanga ankasokerapo madilesi,
ndinakhomapo chitsulo chofinyira zipolopolo.
Magetsi athima kuyambira m'mawa,
choncho ndatsekula zenera, ndathamangitsa adzukulu.
Ntchito iyi sifuna kandulo, sifuna fodya, sifuna macheza.

Zigoba zanga zamkuwa ndi makumi awiri ndi zitatu.
Ndimazidziwa ngati mano anga otsala.
Ichi chodera ndinachivuula m'matope a ku Chiawa,
mvuu itagwa kale, anthu akulimbirana nyama,
ine ndili chogwada kufufuza m'bango
ngati mayi wotaya ndolo.
Anandiseka tsiku limenelo.
Ichi chang'ambika pakhosi, chagwira ntchito kasanu ndi kawiri,
chipume, Tisauke azisungiramo singano.

Musamve za anthu kuti wodzipangira salira.
Onga nawo ndi wa m'dziko la eni,
chitini changa chafika pomveka phokoso ukachigwedeza.
Timaso tamoto tija ta kumatako kwa chigoba
ndimatiwerenga ngati mapilitsi a mtima.
Wamkulu uja amene tinkagawana naye ku Makeni
anagulitsa zonse n'kuyamba kuweta nkhuku,
akuti nkhuku sizifuna chilolezo cha apolisi.

Sikelo yanga ndi yaing'ono ngati ya ogula golide.
Kale ndinkayesa kamodzi.
Tsopano maso achita nkhungu, ndimayesa katatu,
ndipo dzanja lamanzere layamba mwano,
limanjenjemera popanda kundipempha.
Panjapo minibasi ikulira hutala, kondakitala akuitana za ku tauni,
ine ndagwira mpweya kuti kalilime ka sikelo kakhazikike.

Pakuti si ine ndekha ndimaima patsogolo pa njati.
Pali Sinoya, wolondola mapazi,
amene amatsogola m'tchire ndi kankhwangwa kokha paphewa.
Ana ake ndi asanu ndi mmodzi.
Sanandifunsepo kuti chili m'mfutimo chachokera kuti,
kufakitale ya kutsidya kwa nyanja
kapena patebulo la makina osokera.
Amangotembenuka, kuloza ndi mlomo, n'kugwada kuti ndione.

Pa zaka zonsezi chinandikanapo n'chimodzi,
chinangoti tcha, njovu ili potero,
ndipo chinali cha m'bokosi, chogula ndi ndalama zanga.
Nkhaniyi ndimaikonda, ndimaikamba pa maliro ndi pa mowa.
Koma usiku ndimadziwa kuti tsiku langa nalo lili m'njira.

Madzulo afika, ndamaliza zisanu ndi zinayi.
Ndazipukuta ndi nsanza ya chitenje chake,
ndaziimika pamzere pazenera.
Foni yalira, ndi a ku Chiawa,
ati njovu zalowanso m'minda ya nthochi.
Ndati ndamva, ndifika Lachisanu.
Ndatenga chachinayi, chimene mtima ukuchikayikira,
ndachiphwasula, ndabwezera onga pasikelo
kuwala kusanathe.