Kiyi wa Lachiwiri

Pamwamba pa shopu yochapira zovala, mumsewu wa Narborough,
pali chipinda chomwe chimanjenjemera makina akamazungulira pansi.
Mipando khumi ndi isanu, itatu yothyoka msana,
ketulo imodzi yochedwa kupsa mtima.
Ndiye pathu pamenepo, Lachiwiri lililonse,
dzuwa la Leicester likathawa ntchito isanathe.

Ndinafika mu Novembala, nsapato zitakhuta madzi,
kalata ili m'khwapa ngati chithupsa.
Kampani yosamalira okalamba inali itatsekedwa;
masiku owerengeka, anatero, kenako uzipita kwanu.
Mayi Verona sanandifunse za mapepala.
Anangoti: vula kaye masokosiwo, yanika apo pofunda.

Hodan anawerenga kalatayo kawiri, chala chikulondola mzere.
Jyoti anaimbira loya wina amene anamulera ali khanda.
Folake anandikalipira chifukwa chogona ndi njala,
kenako anandiphunzitsa kuyang'ana bwana pamphumi,
osati pansapato.

Kwathu amati mlendo ndi mame.
Koma ndi mame anji awa
otha zaka makumi atatu akusambitsa makolo a eni dziko,
akutembenuza odwala pakati pa usiku,
akuloweza mayina ataliatali a mankhwala
pomwe dzina lawo likupunthwa m'kamwa mwa aliyense?
Ine ndine Nachanza. Kuntchito ankanditcha Nancy.
Ndinkavomera.

Tsiku lomwe khonsolo inkafuna kutidulira thandizo la lendi
Mayi Verona anali chigonere m'chipatala, bondo atalisoka.
Uthenga wawo unali waufupi: Ukalankhule ndiwe.
Anandipatsa mphindi zitatu.
Pepala linkavina m'manja, lilime litauma gwa ngati chikopa.
Kumbuyo kwanga ndinamva kutsokomola kwa Hodan,
zibangili za Jyoti,
mipando ikukwekwereka,
amayi akuimirira mmodzimmodzi, osatsegula pakamwa.
Ndinayamba ndi dzina langa.
Ndinalitchula mosathamanga, lonse,
mpaka mlembi anadzutsa mutu
n'kufunsa kalembedwe kake.

Anatipatsa theka la ndalamazo. Theka basi.
Tinaseka m'basi ngati tapha njovu,
mvula ikutiombera m'manja pamawindo.

Mayi Verona tsopano amakhala pampando wa pakona,
ndodo pamiyendo, kutsutsa chilichonse chimene ndanena
kuti aone ngati ndigwedezeke.

Kiyi ali m'thumba langa, womangirira kansalu kofiira.
Ndi wamakani: umayamba wakankha chitseko ndi phewa,
kenako n'kupotokola.
Palibe anandiuza kuti utsogoleri umalemera chonchi,
kachitsulo kochepa ngati chala cha mwana,
kapena kuti ntchito yake yambiri n'kugula mkaka
ndi kukumbukira amene sanabwere sabata yatha.

Ndimafika msanga kuti chipinda chiyambe chafunda.
Usiku uno pamasitepe pali mtsikana, sindikumudziwa,
envelopu m'manja,
akuwerenga chikwangwani chathu kachitatu.
Nsapato zake zikudontha.