Choko cha Telala

Magetsi abwera leveni koloko usiku,
osaodira n'komwe.
Mbare yense mafiriji ayamba kung'ung'udza.
Ndatsegula laputopu pa thabwa lositira
poti patebulo Tionge wagonapo ndi masamu ake.

Ntchito yake ndi yochepa:
tsamba limodzi la malangizo
m'nkhokwe ya kodi ya ofesi yathu ku Eastlea,
kuti wobwera kumene adzutse yekha pulogalamu
osandiimbira foni Lamulungu ndili m'tchalitchi.

Ndalemba m'makidauni.
Kampanda kamodzi kutsogolo, umenewo ndi mutu.
Timipanda tiwiri, mng'ono wake.
Nyenyezi ziwiri uku, ziwiri uko,
kuti mawu apakati anenepe.
Timizere toimirira ndati ndi tebulo,
ngakhale pano likuoneka ngati khola
limene mbuzi zatulukamo kale.

Bambo anga, a Mlauzi, anachoka ku Dedza ndi sizasi basi.
Zaka makumi atatu anapalasa makina pakhonde ku Magaba.
Nsalu ankailemba ndi choko,
timitanda, timivi, tizilembo todziwa okha,
koma suti sinkachoka asanaiveke chidole
chopanda mutu chija,
n'kubwerera m'mbuyo mapazi atatu, singano ili pakamwa.
Mwini wake, ankatero, asaone choko.

Ndiye nane ndalemba lamulo limodzi pawindo lakuda.
Kaseva kadzuka momwemuno,
adiresi yake ndi nyumba ino,
sikadya bandulo, sikauza munthu.
Ndabwerera m'mbuyo mapazi atatu.

Kalanga ine.
Tebulo lagwa chagada, ndinaiwala mzati umodzi.
Sitepe yachinayi yamezedwa ndi yachitatu
chifukwa sindinasiye mzere wopumira.
Pamene ndinaika chithunzi pali kabokosi kong'ambika.
Ulalo ukuloza fayilo
imene Anesu anaisintha dzina nyengo yozizira ija
osauza aliyense.
Ndipo pakati pa chiganizo, poyera,
kanyenyezi kamodzi kangoti tuzu,
choko pa kolala.

Mwezi watha ndinakankha osayang'ana.
Pofika teni koloko Nyaradzo anali atajambula tsambalo
n'kulitumiza pagulu lonse, osalembapo kanthu.
Ndinadya chamasana ndekha kuseri kwa jenereta.

Ndiye lero ndisoka, ndisunga, tsamba liphethira,
ndisokanso.
Mzati wabwerera, tebulo laima ndi miyendo yake.
Chithunzi chinasochera ndi kadontho kamodzi kokha.
Ndawerenga mokweza pang'ono
ngati ndine mtsikana watsopano uja wa ku Chitungwiza
amene sadziwa kuti kiyi timaibisa pati,
ndipo ndapeza kuti kiyiyo
sindinaitchule paliponse.
Zimenezo galasi silikanandiuza.
Ndawonjezera mizere iwiri.

Tionge wadzuka, tsaya lili ndi chidindo cha rula.
Akuti, mukuyang'ana chiyani, palibe chikuyenda?
Ndati, n'chimene ndikuyang'ana.

Jekete ya bambo ili pamsomali kuseri kwa chitseko.
Tsiku lina ndinaitembenuza pofuna kuichapa,
ndipo m'kati mwa mkono, pansi pa layiningi,
munali kamtanda koyera, kakadalipobe.

Folo koloko. Firiji yatsokomola, yakhala chete.
Batire latsala pang'ono,
ku renki mahwindi ayamba kale kuitanira Town, Town.
Ndaonanso kamodzi kuyambira pamutu,
ndazimitsa kaseva,
ndakankha.