Bowo Lachinayi

Zaka makumi awiri ndi zitatu pa mpando umodzi,
ndikuyendetsa basi m'misewu ya Dundee,
mzinda ukudutsa pagalasi, ine chikhalire,
mimba ikukula mwakachetechete
mpaka inayamba kupsompsona chiwongolero.

Dokotala sanakuluwike.
Anangotembenuza kompyuta kuti ndidzionere ndekha:
shuga wakwera, magazi akuthamanga,
mtima ukugwira ganyu ya anthu awiri
pa malipiro a munthu mmodzi.

Lachinayi madzulo, m'chipinda chapansi pa tchalitchi
monunkha makandulo ndi majekete onyowa,
timafola titavula nsapato ngati ana opalamula.
Mwini sikelo ndi Ishbel.
Salengeza. Amangolemba m'kabuku kake
n'kukusuzumira pamwamba pa magalasi,
zotsalazo umadziwa wekha.

Tilipo khumi ndi mmodzi.
Rhona amagwira ntchito yophika makeke,
tsiku lonse manja ali m'mayesero.
Murdo, tsiku lake loyamba, anavula wotchi, mphete,
kenako mano oikirira,
n'kukwera sikelo akumwetulira ndi nkhama zokha.
Tinaseka mpaka Ishbel anagwetsa cholembera.

Kunyumba ndinatsitsa mbale yaing'ono
imene mwana wanga ankadyera ali kumkaka.
M'mawa phala la oti lopanda shuga,
masana supu ya mphodza, apozi m'thumba la jekete.
Batala ndinamubisa kuseri kwa kabichi
ngati kalata ya chibwenzi chakale.

Koma Lachisanu usiku!
Fungo la chipisi ndi viniga limatuluka pa shopu yapakona
n'kundigwira pakhosi ngati wangongole.
Tsiku lina ndinagonja.
Ndinadyera m'galimoto, magetsi ozima,
mafuta akutsetsereka mpaka m'zigongono,
pepala n'kuliponya m'bini ya neba.
Nditaulula pagulu, palibe ananditosa chala.
Rhona anati: ine Lamlungu ndinamaliza keke ya mdzukulu,
anapulumuka ndi makandulo okha.
Tinawombana m'manja. Tinayambiranso.

Phiri la Law timalikwera kusanache,
mphepo ya mtsinje wa Tay ikuluma makutu.
Ulendo woyamba ndinathera pa benchi yachiwiri,
ndikupuma ngati basi yakale pachitunda,
anzanga ataima mondizungulira
akunamizira kumanga zingwe za nsapato.

Kenako masabata asanu sikelo inachita makani.
Osatsika, osakwera, nambala yomweyo
kundiyang'ana ngati mlamu amene ndinamulakwira.
Ndinafuna kusiya.
Ishbel anandifunsa: masitepe a kwanu aja,
umaimabe pakati?
Ndinaganiza. Sindinkaimanso. Sindinazindikire n'komwe.

Mu Febuluwale mpando wa Murdo unakhala wopanda munthu.
Sabata imodzi, ziwiri, zitatu.
Mkazi wake anali atatisiya,
iye atatseka makatani, akudya mabisiketi mumdima.
Tinapita asanu, chipale chofewa chikulira kuphazi.
Sitinanyamule sikelo, sitinanyamule malangizo.
Tinangogogoda n'kunena kuti galu wako akufuna kuyenda.
Tinayenda naye mpaka pa positi ofesi n'kubwerera,
pa liwiro la munthu wosenza maliro mumtima.
Mawa lake tinafika pamlatho.

Lero m'mawa lamba wadutsa bowo lachitatu,
lija lotanuka ndi zaka za kukoka,
n'kukhazikika pa lachinayi, lofinya, losagwidwapo.
Ndawerama n'kumanga nsapato osagwira mpweya.
Zala zanga zakuphazi ndaziona, zonse khumi,
ngati abale obwera kuchokera kutali.

Makilogalamu khumi ndi anayi apita,
sindikudziwa kumene zinthu zotere zimapita.
Asanu ndi atatu akadali pano, akukana kusamuka.
Shopu yapakona sinatseke,
ndipo fungo lija limandidziwabe dzina.

Koma lero ndi Lachinayi.
Mvula ikuwaza cham'mbali monga mwa chizolowezi chake,
Murdo walira kale hutala panja,
ndipo ndikufunafuna masokosi opanda chiboo
poti kumene tikupita timavula nsapato.