Mkazi wa Tsitsi la Njoka

Kuno ku Torre del Greco, m'tsinde mwa phiri lamoto,
ndasema nkhope imodzi kwa zaka makumi atatu
pa chigoba cha nkhono chochepa ngati dzira la nkhunda.
Njoka ndimayamba nazo m'mawa, dzanja lisanatope.
Maso ndimamalizira.

Bambo Carmine amabwera Lachinayi kudzamwa khofi.
Amati, Assunta, njoka ndi njoka basi,
izi ndi ya m'munda ija n'zapachibale,
wodetsa kachisi analandira zomuyenera.
Koma amayi awo tinawaika m'manda
atavala nkhope yomweyi pakhosi, pambali pa kolona,
kuti diso loipa lizibwerera kwa mwini wake.
Ndinawamangirira ndine.
Sindiwakumbutsa.

Ilaria, mwana wa mchimwene wanga, amatsika sitima ya ku Napoli
mabuku kukhwapa, tsinya pamphumi.
Amati, azakhali, anachita kumugwirira m'kachisimo!
Wogwirirayo anabwerera kunyanja kwake osafunsidwa kanthu,
chilango n'kugwera wolira.
Mnyamata wa lupanga anamudula mutu ali m'tulo,
mpaka lero akumutcha ngwazi.
Musemeni akukuwa, kukamwa kuli yasa!

Awiriwa akakumana pa khomo panga
khofi amazizira m'makapu.
Ine ndimangouzira fumbi loyera, n'kupitiriza.

Palibe anafunsapo kuti mphunoyi ndi ya yani.
Ndi ya Nunzia, mkulu wanga,
amene anabwera kuchokera kwa abwana ake usiku wina
diresi litang'ambika paphewa.
Bambo anamuwomba mbama.
Mayi anamumeta ndi sizasi ya nsomba.
Tsitsi linamera lopotana, losamva chipeso,
ndipo akalowa mumsika amuna ankauma gwa,
maso pansi, mawu atawathawa pakamwa.
Sanakuwepo. Ankangoyang'ana.
Pa Misa ankakhala mpando wakutsogolo
mpaka tsiku limene tinamunyamula.

Dzulo kunabwera mayi wina, sindimudziwa dzina,
paudala wambiri tsaya limodzi lokha.
Anatenga kamkanda, n'kukatembenuza, n'kukatembenuzanso.
Kodi kamateteza? anafunsa chapansipansi.
Ndinati, mwanawe, chigoba ndi chigoba,
sichigwira dzanja la munthu.
Chomwe ndikudziwa n'chakuti mkaziyu saphethira.

Analipira ndi ndalama zachitsulo zokhazokha,
kuwerenga kawiri.
Ndinkati akabisa mkati mwa bulauzi
monga amachitira ambiri.
Iye anakasiya kunja, pamwamba pa batani,
n'kutuluka kulowera kokwerera basi.