Kope la Ngongole pa Tsangano

Chifunga chisanachoke pa Tsangano
Zefaniya wayatsa kale moto wake wowotcherera
pa gudumu la ngolo yanga.
"Mudzalipira mukakumba," watero osadzutsa mutu.

Kwa Anangozo dzina langa lili m'kope,
pakati pa sopo ndi feteleza wopima pambale,
tsamba lothimbirira ndi mafuta.
Chaka chija chiwawu chinapsereza mbatatesi
sanandikumbutse pagulu.
Anangotembenuza tsamba.

Malole ochokera ku Blantyre
amawerenga matumba okha.
Sadziwa kuti m'thumba lililonse
muli mbaliwali za Zefaniya,
muli kuleza mtima kwa Anangozo,
ndi tiyi wa Filimoni uja ndinamwa Lachiwiri
makobidi ali operewera,
iye n'kuwonjezeranso shuga.