Lamba Ali ndi Eni Ake

Kwa a Gwedeza, kuseri kwa msika wa Kawale,
chitseko ndi chiguduli, polowa mahandiredi awiri,
jenereta imatsokomola katatu isanavomere.
Lachiwiri lililonse timathinana pa mabenchi,
fungo la thukuta, la petulo, la chiwaya cha panja,
kudzaona zimphona za kutsidya kwa nyanja
zikugwetsana m'bwalo la zingwe.

Mayina awo amatipota lilime,
ndiye tinawabatiza tokha:
uyu Kabudula Wofiira, uyo Chigayo,
wa tsitsi lonyowa nthawi zonseyo Mkamwini.

Sabata yatha Mkamwini anaphwanya mnzake ndi mpando,
mnzake wa pondaapanepondepo, zaka zitatu ali limodzi,
refa ali chafufumimba, ati wakomoka.
Dzinkambani anakwera pa benchi, malovu ali m'mwamba:
"Sindinanene ine? Munthu woseka ndi mano onse uja!
Bwenzi atadikira mpaka lamba, osati lero,
nkhaniyi aifulumiza, yapsa kunja m'kati muli muwisi!"
Esinta wogulitsa mayunitsi anagwetsa misozi,
napukuta ndi nsonga ya chitenje,
nati ndi utsi wa jenereta.

Ndiye pali Fanuelo.
Anafika Fomu Folo, foni yake ndi yong'aluka galasi,
bandulo yonse imathera pa nkhani zimenezi.
"Anthuni," amatero, "zonsezi n'zolemba.
Kuli anthu a mataye m'chipinda chozizira,
amamwa khofi n'kumasankha wogwa.
Lamba sapita kwa wamphamvu,
amapita kwa yemwe malaya ake akuyenda malonda.
Kabudula Wofiira muiwaleni,
wakana kusaina pepala latsopano,
azingogwa mpaka atachoka."

Timamuuza akhale pansi, akutitchinga.
Koma Lachiwiri likakwana
woyamba pa chiguduli ndi iye yemweyo,
handiredi ina ndi yangongole, yanga.

Tsono refa akamenya pansi,
kamodzi,
kawiri,
dzanja lili m'malere, mitima ili pakhosi,
a Gwedeza amadziwa pothimitsira.
Mdima bii.
"Mafuta atha, abale anga. Sonkhani."
Fanuelo amaseka mumdimamo:
"Mwaona? Wa taye wina ndi uyu, wangosowa taye."
Timatukwana, timapisa m'matumba, timasonkha.

Ine ndimasenza matumba ku depoti.
Sindikutsutsa za Fanuelo.
Ndinaona ndekha chibakera chikudutsa pambali pa khutu
munthu n'kugwa ngati wagundidwa ndi minibasi.
Koma ndinaonanso Chigayo akutsika pa makwerero,
msana kufikira pa tebulo,
ndipo podzuka anagwira m'chiuno, pamwamba pa fupa,
pomwe ndimagwira ine madzulo
ndikatsitsa thumba la makumi anayi la feteleza.
Pamenepo palibe analemba.
Pepala limanena kuti ugwe,
silinena kuti mawa udzavala bwanji nsapato.

Nafenso ku depoti kuli wotilembera.
Kapitawo amaloza ndi chibwano:
lero lole iyi ndi ya uje, iwe dikira.
Amene amamugulira Fanta sagwa.
Sitiwomberedwa m'manja,
palibe nyimbo imalira tikamalowa,
palibe mwana ku Biwi wavala malaya a nkhope yanga.

N'chifukwa chake Kabudula Wofiira ndili naye,
agwe kakhumi, eni lamba amutaye.
Amadziwa mathero asanatuluke m'chipinda,
komabe amamanga nsapato bwinobwino,
nakweza dzanja kwa anthu
ngati lero mwina zisintha.

Jenereta yatsokomolanso. Chithunzi chabwera.
Dzanja la refa likadali m'malere,
pomwe tinalisiya.
Esinta waphimba maso, akusuzumira pakati pa zala.
Fanuelo, wodziwa zonse uja,
wandigwira bondo, zikhadabo zikulowa,
akunong'ona osadziwa kuti ndikumva:
"Dzuka, iwe. Dzuka."